Kusamalira mtsinje kumayambira pamsana pa phiri

Mtsinje ukayamba kuphwa msanga m'chilimwe, kapena ukamatsika ndi madzi ofiira a matope mvula ikangogwa pang'ono, anthu ambiri amathamangira kumtsinje komweko. Ena amakadzala mbande m'mphepete, ena amaunjika matumba a mchenga pamene gombe likugumuka. Cholinga chimakhala chabwino, koma dzinja lotsatira madzi amabwera n'kukokolola zonsezo, anthu n'kugwa ulesi. Chimene chimatisokoneza n'chakuti vuto limaonekera kumunsi pomwe linabadwira kumtunda: m'minda, m'tinjira, pamadenga a nyumba, ndi paphiri limene linametedwa mpala.

Mtsinje uliwonse uli ndi dera lake limene limautsira madzi. Amenewa ndi malo onse amene mvula ikagwapo, madzi ake amakathera mumtsinje umenewo. Malire ake ndi misana ya mapiri ndi zitunda. Dontho logwera mbali ino ya msana ndi la mtsinje wanu, logwera mbali inayo ndi la mtsinje wina. Malire a mudzi kapena a dziko, madzi sawadziwa.

Tiwerengere limodzi pang'ono. Mvula ya milimita 1 ikagwa pamalo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita 1. Ndiye kuti hekitala imodzi ikalandira mvula ya mamilimita 30, yomwe ingathe kugwa masana amodzi okha, yalandira malita 300,000. Madzi amenewa akapeza nthaka yofewa, yofundidwa ndi masamba ndi udzu, amalowa pansi n'kumayenda pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi mpaka atatulukira pakasupe. Ndiwo madzi amene mumatunga m'chilimwe. Akapeza nthaka yolimba ngati bwalo, amathamanga pamwamba, kunyamula dothi, n'kufika kumtsinje onse pakamodzi. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Choncho kusefukira kwa m'dzinja ndi kuphwa kwa m'chilimwe ndi ana a mimba imodzi. Ntchito yonse imene ndikufotokoza pano ndi yochedwetsa madzi pomwe agwerapo, kuyambira pamwamba n'kumatsika nawo.

Poyamba, yendani ndi madzi

Musanagwire khasu, liyendeni deralo wapansi, kuchokera pamene mtsinje wanu umathira mumtsinje wina kukwera mpaka ku akasupe ndi pamsana pa phiri. Ngati mtsinjewo ndi waukulu, musautenge wonse. Sankhani mfuleni umodzi umene mungauzungulire m'tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa dera laling'ono ndi limene anthu angathe kuona kusintha kwake ndi maso awo. Tenganani ndi achikulire amene akhala kumeneko zaka zambiri, makamaka amayi amene atunga madzi pamtsinjewo kuyambira utsikana wawo. Iwo adzakulozerani pamene panali dziwe losaphwa, adzakuuzani nsomba zimene zinasowa, ndiponso chimene chinayambitsa chigwembe chimene lero chikumeza minda.

Ulendo umodzi muuyende mvula ikugwa kapena itangokata kumene. Palibe amene amakonda kunyowa, koma ola limodzi la tsiku lamvula limaphunzitsa kuposa mwezi wathunthu wa chilimwe. Mudzaona pamene madzi akusonkhana, munda umene ukutulutsa madzi ofiira, ndi njira imene yasanduka ngalande. Chonde musayese kuwoloka mtsinje wodzaza, ndipo musaime pamilomo ya chigwembe, chifukwa pansi pake pamakhala pofukulika.

Zimene mwaona zijambuleni papepala lalikulu: akasupe, madambo, zigwembe, minda yofika m'madzi, zimbudzi, motayira zinyalala, pomwera ziweto, pokumba mchenga ndi poumba njerwa. Amene ali ndi intaneti angaone deralo pa Google Earth, pomwe palinso zithunzi za zaka zam'mbuyo. Kuika chithunzi chakale pambali pa chatsopano kumathetsa mikangano yambiri pamsonkhano.

Kenako khalani pansi, akumtunda ndi akumunsi

Apa m'pamene ntchito zambiri zimafera. Amene amamva kuwawa ndi akumunsi, koma amene ayenera kukhetsa thukuta lochuluka ndi akumtunda. Mukapita kwa mlimi wa m'phiri ndi mawu akuti "mukutiwonongera mtsinje", adzakulandirani mwaulemu, mukachoka n'kupitiriza monga kale. Pitani naye m'munda mwake, mumuonetse miyala imene yatulukira pamwamba ndi mizu ya mitengo imene ili poyera. Dothi limene likudzaza mtsinje ndi chonde chake, ndipo feteleza amene anagula akutsikira limodzi ndi dothilo. Nthaka yapamwamba yokhuthala ngati chala imatenga zaka mazana kuti ipangike. Munthu akaona kuti woyamba kuluza ndi iye mwini, nkhani imasintha.

Akumunsi nawo asabwere chimanjamanja. Mzinda wa New York umamwa madzi ochokera kumapiri a Catskill. Mu 1997 mzindawu unapangana ndi anthu a kumeneko kuti uziika ndalama zotetezera nkhalango, kukonza makola ndi njira zotayira zonyansa, m'malo momanga fakitale yosefera madzi yomwe ikanadya madola mabiliyoni angapo. Inu simukhala ndi ndalama zoterozo, koma muli ndi manja, mbande ndi mbewu ya udzu. Tsiku lokumba migula kumtunda, akumunsi akhale oyamba kufika.

Malamulo awapange anthu amene adzawatsate. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anafufuza magulu a anthu osamalira limodzi nkhalango, msipu ndi madzi m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti magulu okhalitsa amadziwa bwino malire a chinthu chawo, amadzipangira okha malamulo, amayang'anirana, ndipo chilango chimayamba chaching'ono n'kumakula munthu akabwereza. Ine ndimaonjezapo chimodzi: musaletse munthu chinthu chimene akudyerapo musanakambirane naye chimene adzachite m'malo mwake. Wootcha makala ndi wolima m'gombe akhale nawo pamsonkhano woyamba, asamve za malamulo kwa anthu ena. Dziwitsaninso alangizi a zaulimi, a zankhalango ndi a zamadzi, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake okhudza mitsinje.

Pamwamba: zitsa, moto ndi ziweto

Anthu akamva za kubwezeretsa nkhalango amaganiza za nazale ndi machubu. Musanafike kumeneko, yang'anani pansi. Paphiri lodulidwa pamakhala zitsa zambiri zamoyo zimene zimaphukira chaka ndi chaka, kungoti mphukirazo zimapsa ndi moto, kudyedwa ndi mbuzi kapena kusadzidwa ndi khasu. Chitsa chotero chili kale ndi mizu yozama, ndiye chimakula msanga kuposa mbande iliyonse, ndipo sichifuna kuthirira. Tony Rinaudo, mlangizi wa ku Australia, anazindikira zimenezi ku Niger mu 1983 mbande zimene ankadzala zitakhala zikufa. Alimi a m'dzikolo anayamba kusamalira mphukira m'minda yawo, ndipo mitengo yabwerera pamalo okwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira zowongoka ndi zamphamvu, kuyambira imodzi mpaka zisanu, zinazo mudule. Gwiritsani chikwanje chakuthwa, mukudula chokweza m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Pa mphukira zimene mwasiya, sadzani nthambi zam'munsi kufika pakati pa msinkhu wake, osapitirira. Bwererani pakatha miyezi ingapo kudzachotsa zophukira zatsopano. Zodulazo ndi nkhuni zanu, ndipo masamba ake asiyeni pansi. Mbande zidzaleni pokhapo pamene palibe chitsa ngakhale chimodzi, ndipo zikhale za mitengo imene imamera yokha m'deralo.

Moto ndiwo mdani wamkulu. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo udzu usanaumitsitse, yotambalala mamita osachepera 3, ndipo ikhale yokulirapo pamene udzu ndi wautali kapena malo ndi otsetsereka, popeza moto umathamanga kwambiri pokwera phiri. Phiri lopsa limalandira mvula yoyamba lili lamaliseche, ndipo dothi lambiri la chaka chonse limachoka nthawi imeneyo. Ziweto zipatseni malo ena kwa zaka ziwiri kapena zitatu, eni ake azimweta udzu n'kukazipatsira kukhola. Ku China, pamene anayamba kukonza zitunda za Loess mu 1994, zomwe dothi lake lachikasu ndilo linapatsa mtsinje wa Yellow River (mtsinje wachikasu) dzina, kuletsa mbuzi ndi nkhosa kudya mwachisawawa m'malo otsetsereka kunali mbali yaikulu ya ntchitoyo.

M'minda: akalozera ndiwo msana wa ntchito yonse

Pano ndichedwapo, chifukwa m'madera ambiri gawo lalikulu la nthaka ndi minda, ndipo mzere wolakwika umawononga kuposa kusalima mzere konse. Mzere wopendekeka umasonkhanitsa madzi n'kuwatsogolera pamalo amodzi, pomwe amaphulika n'kuyambitsa chigwembe. Diso lokha limanama. Mufunika chida choyezera.

Pezani ndodo ziwiri zowongoka za mamita 2 iliyonse ndi ina yaifupi. Mangani ziwirizo pamwamba, yaifupiyo muipingase pakati, kuti chioneke ngati chilembo A. Pamwamba mangani chingwe chokhala ndi mwala kumapeto, mwalawo uzilendewera kunsi kwa ndodo yopingasa. Tsopano imikani chidachi pansi, ikani zizindikiro pamene pali miyendo, ndipo lembani pa ndodo yopingasa pamene chingwe chaima. Tembenuzani kuti miyendo isinthane malo, n'kulembanso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo lembani mzere wooneka bwino. Nthawi iliyonse chingwe chikaima pamzere umenewo, ndiye kuti miyendo yonse iwiri ili pamsinkhu umodzi. Muziyeza motero m'mawa uliwonse musanayambe ntchito, chifukwa mfundo zimakhwepa.

Yambirani kumtunda kwa munda. Khomani chikhomo pamwendo woyamba, sunthani mwendo wachiwiri chokweza kapena chotsitsa mpaka chingwe chitafika pakati, khomani chikhomo china, zungulitsani chidacho, n'kumapita choncho mpaka kumalire. Mzere wa zikhomo udzakhota ngati njoka. Musauwongole kuti ukongole, mungosalaza pamene chikhomo chimodzi chapatuka kwambiri. Pamzere umenewu ungani kalozera wamkulu, ndipo mizere ina yonse itsate iyeyo. Pamalo otsetsereka pang'ono akalozera angatalikirane mamita 15 mpaka 20, pamalo otsetsereka kwambiri mamita 5 mpaka 10. Malo amene munthu amalima atagwira tsinde la mtengo kuopa kugwa, amenewo si munda, abwezereni mitengo ndi udzu.

Kalozera wadothi lokha sakhalitsa. Mudzalepo udzu. Vetiva, udzu wochokera ku India, ndi wabwino kwambiri pantchitoyi chifukwa mizu yake imalowa pansi molunjika mpaka mamita 2 kapena 3, siyanga m'munda, ndipo mapesi ake ndi olimba moti madzi sawagonetsa. Gawani phata kukhala tizigawo ta mapesi awiri kapena atatu, dulani masamba atsale masentimita 20, ndipo dzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15 nthaka itanyowa bwino kumayambiriro kwa dzinja. Ambiri amatalikitsa pofuna kuti mbewu ikwanire munda wonse. Kumeneko n'kudzinamiza, chifukwa madzi amangodutsa m'mipatamo ndi liwiro lalikulu. Kuli bwino mzere umodzi wothithikana kusiyana ndi mizere isanu ya mano a chipeso. Pamene pafa, bwezerani sabata yomweyo. Pakatha zaka zingapo mudzaona dothi litaunjikana kumtunda kwa udzuwo, malo akusanduka masitepe okha.

Pakati pa mizere tsekani ndi timilambala tadothi pa mamita 2 kapena 3 aliwonse, totsika pang'ono kuposa mzere weniweniwo, kuti madzi aime m'timabokosi n'kulowa pansi. Mapesi musatenthe. Ayaleni pansi, chifukwa dontho la mvula likamenya dothi lopanda chofunda limaliphwanya, fumbi lakelo n'kutseka timabowo tolowera madzi. Thirani manyowa, sinthanitsani mbewu, ndipo siyani mitengo ina m'munda monga nsangu, yomwe imayoyola masamba m'dzinja mbewu zikamafuna dzuwa.

Chenjezo limodzi. Maenje ndi ngalande zosunga madzi n'zothandiza pamalo otsetsereka pang'ono okhala ndi nthaka yakuya. Paphiri lotsetsereka kwambiri, makamaka pamene dothi lakhala pamwamba pa thanthwe kapena panagumukapo kale, kumwetsa nthaka madzi ochuluka kungagwetse phiri. Pamalo otere funsani katswiri musanakumbe.

Njira ndi madenga

Zimenezi zimaiwalika, koma zigwembe zambiri zimayambira pamsewu, panjira ya ng'ombe kapena pamalire a minda. Panjira yotsetsereka ikani timitumbira topingasa pafupipafupi, tokhotetsera madzi paudzu asanachuluke. Denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, kudera lolandira mvula ya mamilimita 800 pachaka, limagwetsa malita 40,000. Akololeni m'thanki, kapena atsogolereni kudzenje lodzalamo mtengo wazipatso patali pang'ono ndi maziko a nyumba.

Zigwembe

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine ndinaphunzira mwambiwu ndi misozi. Tinamanga khoma lamiyala lalitali kufika m'chifuwa kumunsi kwa chigwembe chachikulu, anthu ambiri, milungu iwiri yathunthu. Mvula yamphamvu yoyamba inalizungulira m'mbali, n'kuligwetsa, ndipo chigwembe chinakula kuposa kale. Chinandipweteka kwambiri si miyalayo ayi, koma nkhope za anthu amene ndinawalimbikitsa kuti abwere. Tinalakwa pawiri: tinayamba kumunsi minda ya kumtunda isanakonzedwe, ndipo tinamanga chimodzi chachikulu m'malo mwa ting'onoting'ono tambiri.

Chigwembe muchifikire mutachepetsa kale madzi olowamo. Mukatero yambani kumutu kwake, pamene madzi amagwera, chifukwa chigwembe chimakula chobwerera kumtunda. Gumulani mutuwo kuti ukhale wotsetsereka m'malo mwa phompho, yalanipo miyala ndi kudzala udzu. Kenako mangani timadamu totchinga kutsika nato. Kalikonse kasapitirire mita 1, ndipo theka la mita limakwana m'zigwembe zambiri. Kumbani maziko pansi ndi m'makoma onse awiri kuti kadamuko kalowe m'nthaka, madzi asapeze podutsa m'mbali kapena kunsi. Pakati pakhale potsika kuposa m'mbali, kuti madzi osefukira adutse pakatipo. Kumunsi kwake yalani miyala yafulati pamene madzi adzagwere, apo ayi adzakumba dzenje n'kugwetsa kadamuko chagada. Potalikirana tsatani lamulo ili: pamwamba pa kadamu kakumunsi pafanane msinkhu ndi patsinde pa kadamu kakumtunda.

Musamate ndi simenti. Cholinga n'chakuti madzi adutse pang'onopang'ono, dothi litsale. Pamene palibe miyala, khomani mizere iwiri ya zikhomo n'kupanikiza nthambi pakati, ndipo ngati zikhomozo ndi za mitengo yophuka ikazikidwa, ndiye bwino koposa. Dothi likadzaza kuseri, dzalanimo msanga vetiva, nsenjere, nsungwi kapena nthochi. Miyala ndi nthambi n'zongogwirizira, chimene chimapoletsa chigwembe ndi mizu. Chigwembe chozama kuposa msinkhu wa munthu chimafuna upangiri wa akatswiri, ndipo ana asagwire ntchito m'kati mwake.

Timadamu tating'ono tikachuluka timadzutsa ndi mtsinje womwe. M'boma la Alwar ku Rajasthan, m'dziko la India, Rajendra Singh ndi bungwe la Tarun Bharat Sangh anayamba m'zaka za m'ma 1980 kuthandiza midzi kumanganso maiwe adothi ogwira madzi amvula. Zitsime zinayamba kukwera, ndipo mtsinje wa Arvari, umene unkangoyenda nthawi yamvula, unayambanso kuyenda chaka chonse m'zaka za m'ma 1990. Midzi pafupifupi 70 ya m'mphepete mwake inapanga bwalo lake loikira malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka madziwo.

Tsopano tsikirani ku akasupe, kumadambo ndi m'gombe

Kasupe mutchingireni mpanda kuti ziweto zisapondepo, ndipo chakumtunda kwake kumbani kangalande kopatutsa madzi amatope. Musakumbe diso la kasupe pofuna kulikulitsa, mungalitseke kapena kulisamutsa. Potungira ndi pomwera ziweto pakhale chakumunsi, kunja kwa mpanda.

Dambo ndi nkhokwe ya mtsinje. Limamwa madzi a dzinja, kusefa matope, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mayiko anazindikira kufunika kwake mpaka anasainirana pangano mumzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971, ndipo 2 Febuluwale chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira madambo. Chimene chimapha dambo msanga ndi ngalande yokumbidwa pakati kuti liume. Ngalandeyo imazama chaka ndi chaka, madzi apansi amatsika nayo, ndipo dambo limasanduka chigwembe. Ngati ilipo kale, itsekeni ndi timadamu totsika. Ulimi ukhale m'mbali mwa dambo, pakati pasiyidwe udzu ndi bango.

M'mphepete mwa mtsinje siyani lamba wosalimidwa mbali zonse ziwiri. Kukula kwake kumasiyana malinga ndi malamulo a dziko ndi kukula kwa mtsinje, koma pamfuleni waung'ono mamita 10 ndi poyambira, ndipo pamtsinje waukulu pamafunika 30 kapena kuposa. Pafupi ndi madzi pakhale bango, nsenjere ndi udzu wina wogona madzi akadzaza n'kudzukanso. Kuseri kwake kubwere mitengo yokonda madzi monga mkuyu, katope ndi msondodzi, kenako udzu wothithikana kumalire ndi munda woti uzigwira dothi ndi feteleza. Mthunzi wa mitengoyi umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wochuluka umene nsomba zimapuma. Kumene malo ndi ochepa, lolani eni minda kumweta udzu, kuika ming'oma ya njuchi ndi kuthyola zipatso m'lambamo, kuti asaone ngati alandidwa malo.

Bulugamu musamudzale pakasupe, padambo kapena m'gombe. Ndi mtengo wabwino wa milimo ndi nkhuni, koma umamwa madzi ambiri chaka chonse. Ku South Africa boma linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995 yochotsa mitengo yobwera yotere m'mitsinje ndi m'mapiri pofuna kupulumutsa madzi. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America ndipo anavutitsa kwambiri nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1990, angathe kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri yokha. Mukamuona muvuuleni akadali wochepa, n'kukamuumitsa kutali ndi madzi.

Mtsinje wokhotakhota musauwongole. Kukhotako ndiko kumauchedwetsa, ndipo mukaudulira njira yachidule mwatumiza mphamvu yake kwa mnansi wakumunsi. Mitengo yogwera m'madzi musachotse yonse, chifukwa m'menemo ndimo mobisala nsomba ndi nkhanu. Chotsani yokhayo imene ingatseke mlatho. Mchenga ukakumbidwa mopitirira umene mtsinje umabweretsa, pansi pa mtsinje pamazama, magombe amagwa, ndipo zitsime zapafupi zimaphwa. Gwirizanani malo ndi muyeso wake, kutali ndi milatho ndi magombe.

Zolowa m'madzi

Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, pakasupe kapena pamtsinje, chakumunsi kwa potungira, ndipo pansi pa dzenje lake patalikirane ndi madzi apansi mita imodzi ndi theka. Kolera imayenda ndi chimbudzi cholowa m'madzi akumwa. Likodzo limazungulira pakati pa munthu wodzithandizira m'madzi ndi nkhono za m'madzimo. Khola ndi dzala nazo zikhale kutali.

Pampu yopoperera mankhwala musatsukire mumtsinje, ndipo mabotolo ake musataye m'khwawa. Feteleza wothiridwa mvula yamphamvu ili pafupi amathera m'madzi, kumene amameretsa ndere zobiriwira, ndipo ndere zikamaola zimamaliza mpweya, nsomba n'kufa. Pochapa tungani madzi n'kukachapira pamtunda, thovu lilowe m'dothi. Kupha nsomba ndi mankhwala kapena ndi ukonde wa udzudzu kumapulula ndi tiana tomwe. Mukaona fakitale kapena mgodi ukutayira zoipa mumtsinje, lembani tsiku ndi nthawi, jambulani chithunzi, ndipo kadandauleni monga gulu ku ofesi yoona zachilengedwe.

Yezani, lembani, konzani

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsinje umene wawonongeka kwa zaka 30 sungachire m'dzinja limodzi, ndipo anthu akapanda kuona umboni amatopa. Pezani kope limodzi la gulu. Ikani choyezera mvula pabwalo poyera, wina azilemba m'mawa uliwonse. Pamwala kapena pamwendo wa mlatho lembani zizindikiro za msinkhu wa madzi. Mvula yaikulu ikagwa tungani madzi a mumtsinje m'botolo loonekera, pamalo amodzimodzi nthawi zonse, liimikeni tsiku lathunthu, n'kuyeza matope amene akhala pansi. Lembani tsiku limene mtsinje wasiya kuyenda chaka chilichonse, ndi kuya kwa madzi m'zitsime ziwiri kapena zitatu kumapeto kwa chilimwe. Sankhaninso malo angapo oti muzijambulapo chithunzi mwezi womwewo chaka ndi chaka, mutaima pamwala womwewo.

Ana asukulu apatseni ntchito yotembenuza miyala ya m'madzi osaya pamene mtsinje uli wodekha, ali ndi wamkulu. Pansi pa miyala ya mtsinje wathanzi pamakhala tizilombo tamitundumitundu, ana a tombolombo, nkhanu ndi tina tokhala m'timakoko tamchenga. Mukapeza tinyongolotsi tofiira tokhatokha m'matope onunkha, madziwo ali ndi zonyansa zambiri. Kumene kuli likodzo avale nsapato zajombo.

Chizindikiro choyamba chimene mungayembekezere ndi matope kuchepa m'botolo ndi chinyezi kukhalitsa m'minda. Akasupe amachedwa kuyankha. Mukabwezeretsa mitengo yambiri yokula msanga, madzi a m'chilimwe angathe kuyamba achepa, popeza mitengo yaing'ono imamwa kwambiri pamene nthaka isanafewe. Auzeni anthu zimenezi ntchito isanayambe.

Mvula yamphamvu iliyonse ikakata, gulu liyende m'makalozera ndi m'timadamu m'mawa mwake, makasu ali paphewa. Pamene kalozera waphulika, tsekani tsiku lomwelo ndipo fufuzani chakumtunda chimene chatumiza madzi ochuluka pamenepo. Mwala umene wasuntha ubwezereni, ndipo pamene madzi ayamba kudya m'mbali mwa kadamu, kumbani n'kulowetsa miyala ina m'khoma mvula ina isanabwere.